Kupanga sitima ya ku Mchinji ya pathebulo: 1:87, 1:64 kapena 1:120?

Anzanga amene mumakonda kuima m'mbali mwa njanji kudikira sitima ya katundu, zithunzi zikachuluka mufoni mtima umayamba kufuna china: kuti mutu wa sitima uja, mabogi ake ndi siteshoni yathu ya Mchinji zikhale m'nyumba, zing'onozing'ono koma zoyenda ndi magetsi. Apa mpamene funso la sikelo limabwera, kutanthauza kuti sitima yeniyeni tiichepetse kangati (1:87 ndiye kuti yachepetsedwa ka 87), ndipo ndi funso loyenera kuliyankha musanatulutse ngakhale kwacha imodzi, chifukwa njanji mukagula mwagula.

Gwero la vuto lonse ndi kukula kwa njanji yathu. Kuchoka ku Nayuchi kudzera ku Nkaya, Salima, Kanengo mpaka kuno, mpata wa pakati pa zitsulo ziwiri za njanji ndi mamilimita 1,067. Ndi chimodzimodzi ku Zambia, ku Mozambique ndi ku South Africa, n'chifukwa chake njanji yomwe inafika ku Mchinji mu 1980 inatheka kulumikizidwa mpaka ku Chipata mu 2010. Koma ku America ndi mbali yaikulu ya ku Ulaya, kumene kumachokera zoseweretsa zambiri za sitima, mpatawo ndi mamilimita 1,435. Zopangidwa kale za m'masitolo zimatsata njanji yawoyo, osati yathu.

Njira yoyamba, yomwe ambiri amathamangira, ndi HO, sikelo ya 1:87. Njanji yake ndi ya mamilimita 16.5. Ubwino wake sitingaukane: ndi sikelo yofala kwambiri padziko lonse, ndiye m'bale wanu amene ali ku Johannesburg akhoza kukupezerani njanji, mutu ndi mabogi ogwiritsidwapo kale ntchito popanda kuvutika kwenikweni. Mukatsegula katoni, kulumikiza mawaya awiri, sitima yayenda tsiku lomwelo. Anzathu ambiri a ku South Africa amatero, amayendetsa sitima zopentedwa mitundu ya kwawo pa njanji imeneyi ndipo amasangalala nazo.

Koma tachulukitsani 16.5 ndi 87. Mupeza pafupifupi 1,435, kutanthauza kuti njanji yeniyeni imene ikuimira yakula kuposa yathu ndi mamilimita 368. Munthu wongodutsa sangaone kanthu. Inu amene mwajambulapo mutu wa sitima ukubwera chakutsogolo muona msanga. Sitima yathu imaoneka yotambalala, thupi lake limapitirira njanji mbali zonse ziwiri, mawilo ali m'kati. Pa HO mawilo amatulukira kunja ndipo maonekedwe aja amatayika. Kwa ine chimenechi si chaching'ono, chifukwa ndi chomwe chimachititsa kuti ndikaona chithunzi ndidziwe kuti iyi ndi sitima ya kwathu kuno. Ilipo njanji ya mamilimita 12 yomwe ingakonze vutoli pa sikelo yomweyi ya 1:87, makampani ngati Peco ndi Tillig amapanga, koma ndi yosowa ndipo mitu yoyendapo ndi yochepa. Kwa munthu wokhala ku Mchinji imeneyo ndi njira yodikira katundu miyezi.

Njira yachiwiri ndi kutenga njanji yomweyo ya HO, koma n'kupanga thupi la sitima pa sikelo ya 1:64. Gawani 1,067 ndi 64, mupeza mamilimita 16.7, pomwe njanji ndi 16.5. Kusiyana kwake diso silingakuone. Anzathu a ku New Zealand, amene njanji yawo ndi yofanana ndi yathu, akhala akuchita zimenezi kwa zaka zambiri, ndipo amazitcha Sn3½. Apa mumagula zitatu zokha: njanji, mawilo, ndi m'munsi mwa mutu wa HO momwe muli mota. Thupi lakale mumalichotsa n'kupanga lanu.

Wina anena kuti imeneyo ndi ntchito yaikulu. Inde ndi yaikulu, koma ganizani bwino. Mitu ya MX615 yomwe Malawi Railways inagula ku Montreal Locomotive Works ya ku Canada, kapena mabogi onyamula feteleza ndi simenti omwe timawaona kuno, simudzawapeza pashelefu ali opentedwa kale monga timawadziwira. Sikelo iliyonse imene mungasankhe, ngati mukufuna sitima yathu yeniyeni mudzadula ndi kumata nokha basi. Ndiye bwanji osasankha sikelo imene zala zimagwira bwino? Mutu wotalika mamita 16 umakhala masentimita 18 pa 1:87, koma pa 1:64 umafika masentimita 25. Zitseko za m'mbali mwa injini, makwerero, zogwirira za dalaivala, zonsezi zimatheka ndi lezala, waya wa kopa ndi supagulu. Ambiri a ife tinakula tikupinda magalimoto a mawaya, manja amenewo alipobe.

Zipangizo zake zilinso pafupi. Paipi ya PVC mukaing'amba m'litali n'kuiwotha pamoto pang'onopang'ono imafewa, ndipo mukaipanikiza pakati pa matabwa awiri mpaka izizire mumapeza pulasitiki yosalala yodulika bwino. Malata a denga la siteshoni amatuluka m'chitini cha zakumwa mukachilemba mizere ndi bolopeni yotha inki. Thumba la feteleza la makilogalamu 50 pa sikelo iyi limakhala ngati njere ya nyemba, ndiye mukhoza kuumba ambiri ndi dongo n'kudzaza bogi. Munthu amakhala pafupifupi masentimita 2.7, wotheka kumusema ndi kumupenta chitenje. Ndipo pali mwayi wina umene ndimaukonda kwambiri: timagalimoto ta Hot Wheels ndi Matchbox, tomwe nthawi zina timapezeka pa kaunjika wa zidole, tambiri timakhala pafupi ndi 1:64. Mukatipenta pang'ono n'kutithira fumbi, msewu wa m'mbali mwa njanji wadzaza.

Zovuta zake ndi ziwiri, ndipo ndi zenizeni. Mawilo a mutu wa HO amachepa pansi pa thupi la 1:64, ndiye pamafunika kuwabisa ndi mbali za mabogi zomwe mwapanga nokha, kapena kufunafuna okulirapo a mamilimita 14. Chinanso ndi malo. Sitima yaikulu chonchi siikhota pamalo opanikizika, ndipo kuti izungulire pamafunika thebulo lotambalala kuposa mita imodzi. M'nyumba zathu zambiri malo otero palibe. Chimene chimathandiza ndi kuiwala zozungulira n'kukhoma shelefu yaitali kukhoma, masentimita 40 m'lifupi, mamita atatu kapena anayi m'litali. Pamenepo mumaika njanji zingapo zoyandikana, mutu n'kumasiya mabogi apa, kukatenga ena apo. Ndipotu ndi zimene sitima ya katundu imachita ikafika pasiteshoni, siithamanga mozungulira.

Njira yachitatu ndi 1:120 pa njanji yaing'ono ya m'masitolo yotchedwa N, ya mamilimita 9. Masamu ake ndi abwinonso: 1,067 kugawa ndi 120 ndi 8.9. Mutu uja umakhala masentimita 13 okha, ndipo chitseko chakale chimodzi chimakwana njanji yozungulira, siteshoni, munda wa fodya ndi mapiri a Mchinji kumbuyo. Amene mtima wake uli pa sitima zazitali za malasha zochokera ku Moatize zodutsa ku Nkaya kupita ku Nacala, sikelo yake ndi imeneyi, chifukwa mabogi 20 amakwana m'mamita awiri ndi pang'ono.

Chimene chimandibweza ndi fumbi. Sitima zimenezi zimatenga magetsi kudzera m'mawilo okhudza njanji, ndipo mawilo akachepa, kafumbi kochepa kamakwana kuimitsa mutu. Inu mukudziwa mmene kumakhalira kuno kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba. Njanji ya HO nayo imafuna kupukuta ndi kansalu konyowetsa ndi sipiriti, koma mutu wake ndi wolemera ndipo umapirira. Wa N umafuna kupukutira pafupipafupi ndi kuvundikira mukangomaliza. Komanso munthu wa masentimita 1.4 si wosema ndi lezala madzulo pa nyali ya sola.

Pa magetsi njira zonse zitatu n'zofanana. Mitu wamba imayenda ndi DC, magetsi a mtundu wa m'batire, yosapitirira mavoti 12, ndiye batire ya sola ndi kachipangizo kochepetsera liwiro la mota zimakwana ngakhale magetsi atathima.

Zithunzi zanu zija ndiye pulani yanu, koma zojambulira kupanga zimasiyana ndi zoika pa Facebook. Chithunzi chopendekera, sitima ikubwera ndi utsi, n'chokongola koma simungayezepo kanthu. Pamafunika cha m'mbali ndendende, mutaima patali n'kukoka ndi zumu kuti mizere isapindike, kenako cha kutsogolo sitima itaima. Pa cha kutsogolocho muli ndi rula yaulere: mpata wa njanji mukuudziwa kale kuti ndi 1,067, ndiye m'lifupi ndi msinkhu wa mutu mumaziwerengera kuchokera pamenepo. M'miyezi ya Juni ndi Julayi dzuwa limakhala chakumpoto, choncho imani kumpoto kwa njanji kuti mbali yomwe mukujambula iwale. Jambulaninso zimene ena amazisiya: dzimbiri la pa zitseko za mabogi, mafuta odontha pa thanki, manambala, udzu womera pakati pa njanji. Sitima kuno sizibwera tsiku lililonse, ndiye ikapezeka musaumire kujambula. Pasiteshoni yambani mwalonjera akuluakulu a pamenepo ndi kupempha, makamaka poti kuno n'kufupi ndi malire, ndipo pakati pa mabogi musalowepo ngakhale aoneke ngati angokhala.

Ine ndaima pa 1:64. Amene akufuna kuti mwana aone sitima ikuyenda sabata yomweyi agule HO, sanalakwe, ndipo njanji yomweyo idzamuthandiza tsiku limene adzafune kupanga thupi lakelake. Amene ali m'chipinda chimodzi cha lendi ndipo maso ake ndi akuthwa ayese 1:120. Koma ngati cholinga n'chakuti munthu wa ku Kamwendo kapena ku Mkanda alowe m'nyumba mwanu n'kuzindikira sitima imene amaiona, yambani ndi bogi imodzi yotsegula pamwamba pa 1:64. Ndi bokosi la mbali zinayi pa mawilo asanu ndi atatu, ndipo bogi ya mamita 13 imatuluka masentimita 20. Thabwa la pansi pa njanji lipakeni vanishi mbali zonse musanayale dothi, kuopa chiswe ndi chinyezi cha dzinja.