BMW 640d pa misewu ya Tete: musanafunse za liwiro, yang'anani matayala

Galimoto imene ndikukamba pano ndi BMW 640d ya zitseko ziwiri, ya chaka cha 2014, yomwe ndinaitanitsa kuchokera ku England itayendapo kale, n'kudzatsikira padoko la Beira. Ntchito yanga ndi yogula soya, chimanga ndi mbatatesi ku Angonia ndi ku Tsangano n'kukagulitsa ku Tete, Chimoio ndi Beira. Katundu amayenda pamalole, koma kwa ogula, kubanki ndi kudoko ndimayenera kukafikako ndekha, ndipo pamsinkhu ndafikapowu msana sunkalolanso kugwedezeka kwa pikapu tsiku lathunthu. Ndinkafuna galimoto yoti ndikanyamuka ku Ulongwe mbandakucha, ndikafike ku Beira dzuwa likanalipo, ndili ndi mphamvu zokhala pansi ndi munthu n'kukambirana mtengo. Pa ntchito imeneyo 640d yandikwanira, koma pali zinthu zimene wina aliyense wa kuno ayenera kudziwa asanatulutse ndalama zake.

Magalimoto amtunduwu amawatcha GT. Anawapangira ulendo wautali: injini yaikulu kutsogolo, mipando iwiri yabwino kwambiri, malo ochepa kumbuyo, ndi buti yokwana zikwama za anthu awiri. Ambiri amati mtunduwu unayambira ku Italy ndi Lancia Aurelia B20 GT ya mu 1951. Mitunda yaitaliyo ife tili nayo yochuluka. Kuchoka ku Ulongwe kufika mumzinda wa Tete ndi makilomita opitirira 200, ndipo kuchoka ku Tete kufika ku Beira ndi pafupifupi 600. Chimene tilibe ndi phula losalala lomwe opanga magalimotowa ankaliona m'maganizo mwawo.

Ndisanasankhe ndinayang'ana ena angapo, ndipo ndinawayeza ndi funso limodzi: ikandifera pa Changara, ndani adzaigwire? Bentley Continental GT, yomwe inayamba kutuluka mu 2003, pano imapezeka yakale pamtengo wokopa. Koma injini yake ndi W12, ya masilinda 12 ndi malita 6, yokhala ndi ma turbo awiri, yopanikizana moti ntchito zina zimafuna kutsitsa injini yonse, imalemera kupitirira matani awiri, ndipo imakhala pa mashoko a mpweya. Petulo imamwa ngati ng'ombe zofika pamtsinje mu Okutobala. Mercedes CL 500 ndi yofewa kwambiri pamsewu, komabe mashoko ake amayendera mafuta opopedwa mwamphamvu, ndiye paipi imodzi ikangotuluka, galimoto imakhala pansi pomwepo. Jaguar XK ya pakati pa 2006 ndi 2014 ndi imene mtima wanga unafuna chifukwa cha kukongola, koma thupi lake lonse ndi aluminiyamu. Msewu wathu ndi wa mbuzi, njinga za makala ndi ma shapa (ma minibasi onyamula anthu) oima paliponse, ndiye kugundidwa pang'ono n'kosapeweka, ndipo amisiri owongola magalimoto m'magalaja athu anazolowera chitsulo. Lexus LC 500 ya kuyambira 2017, ya V8 ya malita 5 yopanda turbo, ndiyo ndikanaidalira koposa, kungoti mtengo wake unali kutali ndi ine ndipo buti yake siifika ngakhale malita 200.

BMW inapambana chifukwa cha dizilo. Injini yake ndi ya malita 3, masilinda 6 ondondozana, ma turbo awiri, mphamvu 313 PS, ndipo imapezekanso m'ma X5 ndi ma 5 Series omwe ayenda kale m'misewu ya Tete, Lilongwe ndi Harare. Zimenezi zikutanthauza kuti masefa, malamba ndi masensa ake si achilendo kwa ogulitsa zipangizo. Magiya ake 8 osintha okha ndi a kampani ya ZF, omwe ali m'magalimoto ambirimbiri padziko.

Pamsewu, chimene ndimaikondera si liwiro la pamwamba. Anaitsekera pa makilomita 250 pa ola, pamene lamulo lathu la ku Mozambique limalola 120 kunja kwa tawuni ndi 60 m'kati, ndipo apolisi amakhala ndi makina awo pansi pa milambe. Chimene chimagwira ntchito tsiku ndi tsiku ndi mphamvu yokoka, 630 Nm, yomwe imabwera injini ikungozungulira ka 1,500 pa mphindi. Aliyense woyenda pa N7 pakati pa Mussacama ndi Moatize amadziwa mzere wa mathiraki ochokera ku Zobwe, atatu kapena anayi otsatana bumper ndi bumper. Pa pikapu umayamba wawerengera mtunda, kutsitsa giya, n'kupemphera. Pa 640d ukangoona mpata n'kuponda pang'ono, galimoto imanyamuka mopanda phokoso, ndipo usanaganize kawiri wabwerera kale kumanzere. Nthawi imene umakhala mbali ya magalimoto obwera imachepa kwambiri, ndipo kwa ine chimenecho ndi chitetezo chenicheni.

Potsika mapiri a ku Angonia pa N304 ndi pamene imaonetsa kuti anaipanga mwaluso. Ndi yolemera pafupifupi matani 1.8, koma pamakona imakhazikika, siitsamira, ndipo magiya amagwira okha potsetsereka moti mabuleki sapsa. Ukamatsika, mpweya umasintha: umachoka ku Ulongwe utavala juzi, ukafika pa mlatho wa Revúbuè kunja kukutentha moti phula likunyezimira. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala mzinda wa Tete umadutsa madigiri 40, koma makina oziziritsa a galimotoyi sanandigwiritsepo mwala, ngakhale pamzere wa portagem (polipirira msewu) masana. Mipando yake ya chikopa ndiyo imafuna mthunzi. Mukaiimika padzuwa ku Matundo kwa ola limodzi, chiwongolero simuchigwira ndi manja. Ine ndimayenda ndi chitenje chakale cha mayi a kunyumba, chomwe ndimaphimbira chiwongolero ndi mpando ndikatsika.

Mpando wa dalaivala umasunthika mbali zonse, umagwira m'chiuno ndi pansi pa ntchafu, ndipo m'kati muli zii moti ndimalankhula pafoni ndi madalaivala a malole anga popanda kukweza mawu. Ndikafika ku Chimoio ndimatsika ndili woongoka. Mafuta nawo sandidandaulitsa: thanki ndi ya malita 70, ndipo ndikamayenda modekha imadya pafupifupi malita 7 pa makilomita 100. Ndikadzaza pa bomba (pomwetsera mafuta) ya ku Tete ndimakalowa mu Beira mafuta akanalimo, choncho sindikakamizika kuthira dizilo wa m'zigubu wogulitsidwa m'mbali mwa msewu, yemwe injini yotereyi saifuna n'komwe.

Tsopano za matayala, zomwe ndi nkhani yaikulu ya galimotoyi kuno. Yanga inabwera ndi marimu a mainchi 20, matayala a 245/35 kutsogolo ndi 275/30 kumbuyo. Manambalawa akutanthauza kuti pakati pa rimu ndi msewu pali mphira wosafika masentimita 9. Komanso ndi matayala aja olimba m'mbali, oti akaphwa umatha kuyenda nawo makilomita pafupifupi 80 pa liwiro losapitirira 80, ndipo pa chifukwa chimenecho galimotoyi siibwera ndi tayala lapadera. Ku Ulaya n'zomveka, chifukwa makilomita 80 amakufikitsa pa shopu. Kuno makilomita 80 kuchoka pa Guro amakufikitsa pamalo pomwe pali ogulitsa masawu ndi mnyamata wopopa matayala a njinga.

Ndinaziona pakati pa Guro ndi Catandica mvula itangotha, pomwe dzenje linabisika ndi madzi. Kunamveka kuti gu! kamodzi kokha. Nditaima ndinapeza tayala lakumanzere kutsogolo latupa chotupa chonga dzira m'mbali, ndipo mlomo wa rimu wapindika pang'ono moti chala chimamva. Ndinayenda pang'onopang'ono mpaka ku Chimoio, koma tayala la kukula kumeneko silinapezeke, ndipo linachita kuchokera ku Johannesburg. Nditabwerera ku Tete, makaniko wanga, bambo wachikulire amene wakhala akugwira magalimoto a ku Germany kwa zaka zambiri, anagwada n'kuyeza mphirawo ndi zala zake zinayi. Anati, "Achimwene, galimoto ilibe mlandu. Nsapato izi ndi za muofesi. Ivekeni zoyendera." Tinaitanitsa marimu a mainchi 18, omwe ndi amene 640d yosawonjezera kanthu imabwera nawo, ndi matayala wamba a 245/45 mbali zonse zinayi. Mphira unakwera kufika masentimita 11. Kusiyana kwake papepala n'kochepa, koma pamsewu ndi galimoto ina: tizigamba ta phula sitimvekanso m'mano, ndipo maenje ang'onoang'ono imangowameza. Kukula kumeneku kumapezekanso mosavuta kusiyana ndi kwa poyamba kuja. Ndinagulanso rimu yachisanu, jeke ndi sipanala. Buti ndi ya malita 460, ndiye tayalalo likalowa pamatsala malo a zikwama ziwiri zofewa. Anyamata ena pa bomba amandiuza kuti ndinaichotsa ulemu poika marimu aang'ono. Ndimawamvetsa, marimu aakulu ndi okongoladi, koma sindingabwererenso.

Chimene matayala sangakonze ndi kufupika kwake. Mphuno yake ndi yaitali ndiponso yotsika, ndiye malomba (zitunda zochepetsa liwiro) a ku Moatize ndi a m'mabwalo a malonda a m'njira ndimawakwera chopingasa, tayala limodzi limodzi, ma shapa akuliza mahutala kumbuyo. Polowa pageti pomwe pali ngalande ndimayamba ndatsika n'kuyang'ana. Misewu ya fumbi yolowera m'midzi ya ku Domwe kapena kumtunda kwa Tsangano komwe ndimagula mbatatesi, kumeneko siipita, ndipo nyengo ya mvula sindiyesa n'komwe, popeza imakoka ndi matayala a kumbuyo okha. Pikapu yanga ndinaisunga. Amene akuganiza zogulitsa Hilux kapena Land Cruiser yake kuti agule GT, chonde asatero. Galimotoyi iyenera kukhala yachiwiri pakhomo.

Pali nkhani inanso imene otsatsa malonda a ku Ulaya sangaiganize. Kwathu kuno galimoto si ya munthu mmodzi. Pakagwa zovuta, pakakhala ukwati, kapena wina akadwala usiku, amathamangira kwa amene ali ndi galimoto. Ya zitseko ziwiri imakuika pamalo ovuta. Mipando ya kumbuyo imakwana ana basi, ndipo kuti munthu alowe ayenera kuwerama n'kudzipinda kuseri kwa mpando wa kutsogolo. Apongozi anga sindingawapemphe kuchita zimenezo, ngakhale amalume. Wa banja lalikulu ayang'ane 640d Gran Coupé, yomwe inatuluka mu 2012: injini ndi yomweyo, maonekedwe ndi omwewo, koma ili ndi zitseko zinayi ndi malo a miyendo kumbuyo.

Pa kasamalidwe, pezani kaye makaniko wokhala ndi kompyuta yowerenga galimotoyi, kenako mugule galimoto. Ngakhale batire, lomwe limakhala pansi pa buti, mukasintha liyenera kulembetsedwa mu kompyuta ya galimoto kuti lizitchajidwa moyenera. Oyilo akhale wa muyezo wa BMW wotchedwa Longlife-04, chifukwa mu ekizozi muli sefa yogwira mwaye yomwe imatsekeka ndi oyilo wamba. Sefa yomweyo imadana ndi timaulendo tifupitifupi ta m'tawuni, monga kuchoka ku Chingodzi kuwoloka mlatho wa Samora Machel n'kubwerera. Imafuna kutenthedwa paulendo wautali kuti idziyeretse. Kompyuta ya galimoto imauza nthawi yosinthira oyilo potengera nyengo ya ku Ulaya, koma ndi kutentha kwathu ndi fumbi la malasha la ku Moatize ine ndimasintha msanga, pa makilomita 10,000, pamodzi ndi sefa ya mpweya. Ikamatuluka sefayo imakhala yakuda bii. Ndikachoka ku Beira ndimapopetsanso mpweya pa ladiyeta kuchotsa tizilombo ndi njere za udzu zomwe zimamatirira kutsogolo.

Pogula, funsani wogulitsa nambala ya chasisi ndipo mufufuze ngati galimotoyo inakonzedwa pa nkhani ya EGR, njira yobwezera utsi wina mu injini. Mu 2018 BMW inaitanitsa magalimoto a dizilo pafupifupi 1.6 miliyoni padziko lonse chifukwa choziziritsira utsi wobwerera mu injini chinkatha kudontha, zomwe nthawi zina zimayambitsa moto. Yanga inabwera ndi pepala losonyeza kuti choziziritsiracho anachisintha kale. Pemphaninso kanema wa injini ikulizidwa m'mawa ili yozizira, mumvetsere ngati kumbuyo kwake kukumveka kulira kwa tcheni. Pa injini imeneyi tcheni chili mbali ya magiya, ndiye kuchisintha ndi ntchito yaikulu yodya ndalama zambiri. Magalimoto a ku England ali ndi ubwino woti chiwongolero chili kumanja monga mwa misewu yathu, koma kumeneko amathira mchere m'misewu nyengo yozizira, choncho funsani zithunzi za pansi pa galimoto, makamaka mapaipi a mabuleki. Wotchi yake ya liwiro imawerenga mamailo, ndiye muike makilomita pa sikirini yaing'ono ya pakati kuti musakangane ndi apolisi.

Za msonkho, khalani pansi ndi despachante, wothandiza kutulutsa katundu ku kasitomu, musanatumize ngakhale metikali imodzi kunja. Pamwamba pa mtengo wa galimoto ndi wa sitima pamabwera msonkho wa kasitomu, wa ICE (msonkho wapadera wa pa katundu wina monga magalimoto), ndi IVA (msonkho wa pa zogula) yomwe kuyambira 2023 ili pa 16 peresenti, ndipo injini ya malita 3 siikhala m'gulu lotsika. Muuzeni akulembereni zonse papepala, kuphatikizapo zolipira padoko galimoto ikachedwa kutuluka. Ngati imene mwaipeza ili ndi marimu a mainchi 20, pemphani wogulitsayo akupezereni a 18 kumeneko komweko n'kuwalowetsa m'buti ndi pampando wa kumbuyo, abwere pa sitima imodzi ndi galimoto.