Ikagunda munthu, wokaima pabwalo ndani? Waymo, Tesla ndi magalimoto athu a ku Japan

Alamu anga akufuna kuitanitsa galimoto ku Japan. Loweruka lapitali tinakhala pakhonde pawo ku Chelstone, malaiti atapita, iwo akusuntha zithunzi pa foni ndi chala. Mnyamata amene akuwathandiza kuitanitsa, wapakamwa pothwa ngati ng'wang'wazi wa pa Kulima Tower, anali atawauza kuti ina mwa magalimotowo "imadziyendetsa yokha, bwana, ku Chipata mukafika mukugona." Alamu anaseka, koma ndinaona kuti mawuwo awakhala pamtima. Amapita kumudzi ku Katete kangapo pachaka, makilomita pafupifupi 500, ndipo tulo timene timagwira munthu akangowoloka mlatho wa Luangwa amatidziwa bwino.

"Nanga alamu, inu mumakonda kuwerenga zimenezi, pa zodziyendetsa zonsezi yabwino ndi iti?"

Ndinawabwezera funso. Tsiku loti yagunda munthu wa njinga ya makala pa Chongwe, apolisi adzatenga ndani? Ine poyerekeza magalimoto amenewa ndimayambira pamenepo, chifukwa amene wavomera kusenza mlandu ndiye amene akuyendetsadi, kaya wogulitsa anene zotani.

Mawu oti "kudziyendetsa" akuphimba zinthu zosiyana kwambiri. Bungwe la akatswiri a zamagalimoto la SAE linaziika m'magawo, kuyambira 0 mpaka 5. Pa 0, 1 ndi 2 woyendetsa ndinu, makina akungokuthandizani. Pa 3 galimoto imayenda yokha pamalo ena, koma ikakuitanani muyenera kulandira chiwongolero. Pa 4 siifuna munthu m'dera limene inakonzedwera. Ya 5, yopita paliponse nyengo iliyonse, palibe amene akuigulitsa.

Tiyambe ndi yakutali. Waymo inayamba ngati ntchito ya Google mu 2009, ndipo kuyambira 2020 ikunyamula anthu wamba ku Phoenix popanda munthu pa chiwongolero. San Francisco ndi Los Angeles zinatsatira. Mumaiitana pa foni monga tichitira ndi Yango, n'kubwera Jaguar yoyera, mpando wa dalaivala uli wokhawokha. Pamutu pake yasenza lidar, chipangizo choponya kuwala kwa laser mbali zonse n'kumayeza kutalika kwa chilichonse chimene kuwalako kwakhudza. Ilinso ndi radar (yoyeza mtunda ndi mafunde a wailesi) ndi makamera, choncho diso lina likachita khungu ena amaonabe. Chinanso ndi mapu. Isanayambe ntchito mumzinda, misewu imajambulidwa kaye bwinobwino mpaka loboti iliyonse ndi m'mphepete mwa msewu, ndipo kunja kwa malire amenewo siitengera munthu.

Pa mlandu, apa palibe chobisika. Wokwera ndi pasinjala basi. Yoyankha ndi kampani, ndipo boma likakwiya limadziwa khomo logogoda. Zinaonekera kwa mnzake wa Waymo, kampani ya Cruise. Mu October 2023 ku San Francisco, galimoto yoyendetsedwa ndi munthu inagunda mayi wina n'kumuponyera kutsogolo kwa Cruise. Cruise inaima, kenaka poyesa kupatukira pambali inamukhwekhwereza mamita pafupifupi 6 ali kunsi kwake. Mwezi womwewo akuluakulu a California anaimitsa chilolezo chake, nati kampaniyo sinawaonetse zonse za kukhwekhwerezako, ndipo mu December 2024 General Motors, mwini wa Cruise, inaleka kuthiramo ndalama. Ngozi imodzi inagwetsa kampani yonse.

Koma Waymo simungaigule, ndipo ngakhale mukanaigula, taganizani ili pa Kafue roundabout 5 koloko madzulo. Maloboti akutsogolo azima, wapolisi akulondolera ndi manja, minibasi yaima pakati pa msewu kondakitala akuitana wina wa ku Chawama. Ife pamenepo timadutsa ndi maso, kakugwedeza mutu ndi dzanja lotulutsa pawindo. Mapu amafuna msewu wokhazikika, pamene kwathu dzenje la dzulo, mvula ikagwa ku Kanyama, lero ndi dziwe.

Tesla ndiye imene imasokoneza anthu mitu, ndipo mayina ake ndi amene amakopa: Autopilot, Full Self-Driving. Komatu imene munthu amagula ili pa gawo 2, ndipo kampaniyo imalemba yokha kuti maso akhale pamsewu ndipo mukhale okonzeka kulanda chiwongolero nthawi iliyonse. Njira yake ndi yosiyana ndi ya Waymo. Lidar inaikana, ndipo kuyambira 2021 inayamba kuchotsa radar, n'kutsamira pa makamera ndi kompyuta, poti nayenso munthu amayendetsa ndi maso awiri okha. Ubwino ulipo: zipangizo n'zotchipa, ndipo siidikira kuti wina ajambule kaye mzinda wonse. Koma kamera ili ngati diso lathu lomweli. Dzuwa la m'mawa limaithobwa, fumbi limaiphimba.

Mu May 2016 ku Florida, Model S ili pa Autopilot inakumana ndi thiraki yodula msewu. Ngolo yake inali yoyera, kumwamba kukuwala. Makina sanagwire buleki, dalaivala nayenso sanagwire, galimoto n'kulowa kunsi kwa ngolo, munthu n'kufera pomwepo. Mu December 2023 Tesla inakonza pulogalamu ya m'magalimoto opitirira 2 miliyoni ku America, boma litadandaula kuti Autopilot siikakamiza dalaivala mokwanira kuti akhale tcheru. Ndipo mu August 2025 bwalo la ku Miami linagamula za ngozi ya 2019, pamene dalaivala anawerama kutola foni imene inagwa, galimoto n'kukapha mtsikana amene anaima pafupi ndi galimoto ina m'mbali mwa msewu. Mlandu anaugawa patatu: magawo awiri kwa dalaivala, limodzi kwa Tesla, ndipo kampaniyo inauzidwa kulipira madola pafupifupi 243 miliyoni. Tesla inatsutsa chigamulocho. Onani kuti panapita zaka 6, ndi maloya a ku America, kuti kampani ingosenzako gawo limodzi. Banja la ku Mtendere lingayende ulendo umenewo?

Vuto la gawo 2 si lakuti makina ndi opusa. Ndi ochenjera mokwanira kuti mlonda agone. Galimoto ikakhota bwino lero, mawa ndi mkuja, dzanja limayamba kufunafuna foni, ndipo tsiku limene yasokonezeka imakubwezerani chiwongolero patangotsala kamphindi. Mapanga awiri avumbwitsa: munthu akudalira makina, makina akudalira munthu.

Nkhani imene sindiiwala ndi ya ku Tempe, Arizona, mu March 2018. Galimoto yoyeserera kudziyendetsa ya kampani ya Uber, Volvo XC90, inagunda mayi wa zaka 49 amene ankadutsa msewu usiku akukankha njinga, matumba ali pa njingapo. Ofufuza anapeza kuti makina anamuona patatsala masekondi 5.6, koma ankangosinthasintha maganizo: mwina ndi galimoto, mwina chinthu chosadziwika, mwina njinga. Sanaphunzitsidwe kuti munthu angadutse pamalo popanda mizere ya oyenda pansi. Mabuleki odzigwira okha amene Volvo inaikamo anali atazimitsidwa, ndipo wantchito amene anakhala pa chiwongolero maso anali pa foni. Mapeto ake? Uber sinazengedwe mlandu waupandu. Wantchito uja ndiye anavomera mlandu mu 2023, n'kupatsidwa zaka zitatu zoyang'aniridwa ali kunja. Tsono munthu wokankha njinga ya matumba, wodutsa pomwe wafuna, ku Arizona anali chozizwitsa kwa kompyuta. Pa Lumumba Road ndi chakudya cha tsiku ndi tsiku.

Pali ochepa amene anayesa kuima pakati moona mtima. Mercedes inatulutsa Drive Pilot ya gawo 3, imene Germany inavomereza mu 2021, poyamba pa liwiro losapitirira makilomita 60 pa ola m'misewu ikuluikulu yosankhidwa, ndipo kampaniyo inati makinawo akalakwitsa ali pantchito idzayankha ndi iyo. Britain nayo inakhazikitsa lamulo mu 2024 lonena kuti galimoto yovomerezeka ikamadziyendetsa, wokhala pa chiwongolero saimbidwa mlandu wa kayendedwe kake. Zabwino, koma zimathera m'malire a mayiko amenewo.

Tsopano tibwere ku zimene zimatsikadi m'sitima ku Dar es Salaam n'kulowera pa Nakonde. Galimoto imene mnyamata uja ankaitama inali Nissan Serena yokhala ndi ProPilot, imene inayamba mu 2016. Imasunga mtunda pakati pa inu ndi wakutsogolo, n'kumagwira chiwongolero kuti mukhale pakati pa mizere. Inapangidwira misewu ikuluikulu ya ku Japan, ndipo imafuna manja anu pa chiwongolero. Mzere ukafufutika, kapena ukakwiririka ndi mchenga, imakusiyirani. Pa Great East mukapitirira Chongwe muwerenge nokha kuti ndi pangati pamene mizere yonse iwiri ikuoneka, ndipo m'makhota a Manenekela ndani angafune kuyesa. Pa zipangizo zitatu za ku Japan zimene ndikuyerekeza, imeneyi ndi imene imanyengerera kwambiri kuti mutayirire, choncho ine ndimaiika kumapeto.

Zinazo ndi Subaru EyeSight ndi Toyota Safety Sense, ndipo apa ndiye pali mpikisano weniweni kwa ife. EyeSight, imene inayamba ku Japan mu 2008, imagwiritsa ntchito makamera awiri pamwamba pa galasi lakutsogolo, pafupi ndi kagalasi koonera kumbuyo. Poti ndi awiri, imayeza mtunda monga maso athu, ndipo imazindikira anthu ndi njinga. Kufooka kwake n'kwakuti zonse zili pa galasi. Fumbi la mu September, mvula yamkuntho ya mu January, kapena dzuwa lotuluka mukulunjika kummawa, imazima kwakanthawi n'kukuuzani pa dashibodi. Kukuuzaniko kuli m'Chijapani, chilankhulo chomwe chija cha mayi amene amatilonjera m'mawa uliwonse tikaliza injini, wodandaula za khadi lolipirira misewu ya kwawo, amene palibe anamuyankhapo.

Toyota Safety Sense inabwera mu 2015 ili mitundu iwiri, ndipo ogulitsa ambiri sasiyanitsa. Ya C, imene ili m'magalimoto aang'ono monga Aqua, Vitz ndi Corolla Fielder, ndi kamera ndi laser. Zoyambirira zinkaona galimoto yakutsogolo koma osati munthu woyenda pansi. Ya P, ya mu Prius ndi Land Cruiser, ndi kamera ndi radar, imaona patali ndiponso imazindikira munthu. Radar siivutika ndi fumbi kapena mvula monga kamera, koma imakhala kutsogolo, kuseri kwa chizindikiro cha Toyota. Mukamangapo bull bar yoopera ng'ombe, kapena bampala akamenyedwa n'kuwongoledwa ndi hamala, mukhoza kuiphimba kapena kuipotoza osadziwa.

Zimenezi ndinaziona ndi maso anga. Mwala wa thiraki unaswa galasi langa lakutsogolo, ndipo amene anandiikira lina anagwira ntchito yooneka bwino, n'kubwezera kamera pamalo pake ndi manja. Palibe ananena kuti kamera ikachotsedwa imafuna kuichunanso ndi makina. Patapita masiku, ndikutsika pa flyover ya Arcades, galimoto inalira n'kugwira buleki yokha popanda kanthu kutsogolo. Wakumbuyo anaima patangotsala chikhatho, n'kutsitsa windo kundiuza mawu amene sindingalembe pano. Akanandigunda, pa fomu ya apolisi pakanalembedwa mayina a anthu awiri, osati la kamera.

Ndipo ndi mmene zilili kuno. Laisensi ya RTSA ili ndi nkhope yanu, inshuwalansi ili m'dzina lanu, ndipo mlandu wopha munthu chifukwa choyendetsa moopsa umagwera amene anali pa chiwongolero. Fakitale ili ku Japan, galimoto munagula yogwiritsidwa kale ntchito, wogulitsa uja foni yake idzangolira.

Sindikunena kuti zipangizozi n'zachabe. Bungwe la IIHS, lofufuza za chitetezo cha pamsewu ku America, linapeza kuti mabuleki odzigwira okha amachepetsa ndi theka ngozi zogunda mnzako kumbuyo, ndipo zimenezo ndiye ngozi za pa Manda Hill Lachisanu madzulo. Koma mu 2019 bungwe la oyendetsa magalimoto ku America la AAA litayesa magalimoto angapo, linapeza kuti usiku makina oona oyenda pansi sankathandiza. Usiku womwewo ndi umene a makala amakhala pamsewu, njinga zopanda nyali.

Choncho ndinawauza alamu kuti Waymo ndi imene imasenza mlandu wake, koma si yathu. Tesla ndi ProPilot zimatenga chiwongolero n'kukusiyirani mlandu. Zotsalazo sizilonjeza zambiri, zimangolira ndi kuponda buleki inu mukachedwa, ndipo kwa munthu wa ulendo wa ku Katete, wa fumbi ndi mvula, ndingasankhe ya radar ndi kamera kuposa ya makamera okha. Wa m'tauni muno, wosamala galasi lake, EyeSight imukwanira.

Alamu anakhala chete, kenaka anafunsa kuti nanga za tulo tija titani. Alongo anga ali m'khitchini anayankha kuti laisensi anatenga kalekale, ndi iwo amene sawapatsa makiyi. Serena ija inachotsedwa pa mndandanda. Uthenga umene anamutumizira mnyamata uja unali ndi mafunso awiri: ndi ya C kapena ya P, ndipo galasi lakutsogolo linasinthidwapo kapena ayi. Pofika Lachiwiri anali asanayankhe.