A Journey, chimbale choyamba cha Pretty Yende

Ndakhala ndikumvetsera chimbale cha A Journey (kutanthauza ulendo) kwa masabata atatu tsopano, ndipo chimene chandigwira mtima n'chakuti nyimbo zake zinasankhidwa potsata mapazi a woimbayo, kuchokera m'tauni ya Piet Retief ku South Africa kumene anabadwira mu 1985 mpaka kukafika m'nyumba zikuluzikulu za opera, masewero ochitidwa moimba. Kampani ya Sony Classical inachitulutsa mu 2016.

Aliyense amene anaimbapo soprano mu kwaya ya kutchalitchi adziwa kuti kufika pamwamba si nkhani, nkhani ndi kukhazikika pamenepo mpweya osatha, mawu osanjenjemera. Izi zikumveka bwino m'nyimbo ya anthu awiri yochokera mu opera ya Lakmé, imene Yende akuimba ndi Kate Aldrich. Nyimbo imeneyi ndiyo anaimva pa wailesi ya kanema ali ndi zaka 16, kampani ya British Airways ikutsatsa malonda ake, ndipo n'kumene chidwi chake pa opera chinayambira. Apa sakuthamangira kudzionetsa. Akutsitsa mawu ake kuti alukane ndi a mnzakeyo, mwambo umene munthu sangautole panjira, koma amachita kusulidwa, monga momwe iye anasulidwira ku South African College of Music ku Cape Town, kenako kusukulu ya La Scala ku Milan.

Pamene ndabwerezapo kangapo ndi pa nyimbo ya Rossini yochokera mu opera ya Le comte Ory. Mu January 2013, patangopita zaka zosakwana ziwiri chipambanireni mpikisano wa Operalia ku Moscow, anaitanidwa mwadzidzidzi ku Metropolitan Opera ku New York kuti akalowe m'malo mwa woimba wina pa gawo la Adèle mu opera yomweyi, ndipo usiku woyamba anapunthwa n'kugwa asanatsegule n'komwe pakamwa. Anadzuka, naimba mpaka kumapeto. M'chimbalechi mawu ake akuthamanga m'timanoti tating'onoting'ono ta Rossini, kalikonse kakumveka pakokha ngati mikanda yotungidwa pa ulusi, ndipo gulu la zoimbira la RAI, wailesi ya dziko la Italy, lotsogozedwa ndi Marco Armiliato, likumupatsa mpata wopumira mosamukankha.

Pali pamene sindinakhutire. M'nyimbo zachisoni, makamaka ya Juliette, wa mu opera ya Gounod ya Roméo et Juliette, atagwira m'manja mankhwala omugoneka ngati wakufa, mawu ndi okongola ndithu, koma mantha a mtsikanayo sakundifika m'mafupa, ngati kuti woimbayo akusamalabe kuti asalakwitse pamaso pa aphunzitsi ake. Ndinalakalakanso kumva nyimbo ngakhale imodzi ya kwawo, poti ulendo ukutchulidwawu unayambira kumeneko, koma zonse zili m'Chitaliyana ndi m'Chifalansa.

Amene akufuna kuchimva asagwiritse ntchito sipika ya foni, chifukwa nditayesa kutero mawu apamwamba anangosanduka likhweru, ndipo zoimbira za pansi zinasoweratu mpaka pamene ndinavala mahedifoni.