Pawa sapulayi ya "500W" yopanda dzina: siipirira katundu wolemera

Tikunena za mapawa sapulayi (mabokosi opereka magetsi ku zipangizo za m'kompyuta) otuwa, opepuka, amene amabwera ali kale m'kesi ya kompyuta yotchipa. Pa kompyuta ya mu ofesi amagwira ntchito. Koma mukangoikamo khadi ya gilafikisi, mavuto amayamba.

Werengani pepala la m'mbali mwa pawa sapulayiyo. Purosesa ndi khadi zimadya magetsi a 12V, ndiye mukaona 18A pa mzere umenewo, chulukitsani 12 ndi 18: 216W basi. Zotsalazo zili pa 5V ndi 3.3V, kumene makompyuta amakono sakoka kwambiri.

Kompyuta ikamakoka magetsi ambiri, 12V imatsika pansi pa 11.4V, malire a ATX (muyezo umene mapawa sapulayi amatsatira), ndipo kompyuta imazima kapena kudziyatsanso yokha. Pawa sapulayi yabwino imayenera kudzizimitsa kudzera mu chitetezo cha OPP (mawati akapitirira malire) ndi OCP (ma ampu akapitirira malire). Ambiri mwa mapawa sapulayi otchipawa alibe chitetezochi, choncho matiranzisita amatentha mpaka kuphulika, nthawi zina n'kuwononganso mathabodi ndi hadi disiki. Mawaya ake amakhala ochepa, a 20 AWG, m'malo mwa okulirapo a 18 AWG (AWG ndi muyezo wa kunenepa kwa waya), ndipo amafunda msanga.

Dzina lodziwika nalo si chitsimikizo. Mu 2021 Gamers Nexus, tchanelo cha pa YouTube choyesa zipangizo za makompyuta, inaonetsa pawa sapulayi ya Gigabyte GP-P750GM ikuphulika poyesedwa, ndipo kampani ya Gigabyte inatsitsa malire a OPP kuchoka pa 120–150% kufika pa 110–120% ya mawati olembedwa pa pepala. Chizindikiro cha 80 Plus chimangonena za kusawononga magetsi, osati chitetezo.

Samalaninso ndi kaswichi kofiira kumbuyo, kosankhira 115V kapena 230V. Magetsi a ku Malawi ndi 230V; kakakhala pa 115V, makapasita amaphulika mukangoyatsa. Pa kompyuta yamasewera, musagule pawa sapulayi yotereyi.