Chithandizo cha medulloblastoma ku dipatimenti ya maopaleshoni a ubongo

Achemwali anga analandira chithandizo ku dipatimentiyi atapezeka ndi medulloblastoma, chotupa cha khansa ya mu ubongo chomwe chimagwira ana kawirikawiri koma sichipezekapezeka mwa akuluakulu. Ndikuyamikira kwambiri kusamala kwa madokotala, chifukwa sanangojambula mutu ndi makina a MRI, koma anajambulanso msana ndi kuyeza madzi a mumsana, podziwa kuti chotupachi chimatha kufalikira kudzera m'madzi amenewa. Atachichotsa kumbuyo kwa ubongo, mbali yomwe imathandiza munthu kuyenda osadzandira, anawapatsa chithandizo cha radiyeshoni (cheza champhamvu chopha maselo a khansa) kumutu ndi msana wonse kwa milungu pafupifupi 6.

Chimene sindinakhutire nacho ndi kuchedwa kwa zotsatira za kulabotale, zomwe tinazidikira ndi nkhawa yaikulu popanda wotifotokozera chifukwa chake.