Buku lakale la mafunso ofananitsa mawu: mmene landithandizira pa miyezi yapitayi

Buku limene ndikulikamba pano ndi lokonzekera mayeso a GRE, amene amalembedwa ndi ofuna kukachita digiri yachiwiri m'mayunivesite akunja, makamaka a ku America, ndipo ndinaligula kwa ogulitsa mabuku akale mumsika wa Zomba mvula isanayambe. Cholinga changa chinali kukonzekera mayeso a aptitude amene olemba anthu ntchito ena amapereka asanaitane munthu ku intavyu. M'mayeso otere mumapezeka mafunso a analogy, amene amapereka mawu awiri okhala pa ubale winawake, n'kufuna kuti wolemba mayeso asankhe mawu ena awiri amene ubale wawo ndi womwewo.

Wofuna kugula buku lotere ayambe waona chaka chimene linasindikizidwa. Mayeso a GRE anasiya kufunsa mafunso amenewa mu Ogasiti 2011, a SAT, olowera ku koleji ku America, anawachotsa kale mu 2005, ndipo mayeso a Miller Analogies Test, amene ankafunsa mafunso 120 m'mphindi 60, anathetsedwa mu Novembala 2023. Choncho amene akukonzekera GRE kuti akaphunzire kunja angotaya ndalama ndi nthawi pa gawo limeneli. Kwa ife olimbana ndi mayeso olowera ntchito, gawolo likadali ndi phindu.

Chimene chakhalitsa m'mutu mwanga ndi njira imodzi yokha imene bukuli limaphunzitsa koyambirira, yakuti munthu asanayang'ane mayankho apange chiganizo cholumikiza mawu awiri amene wapatsidwawo. Mafunso a m'bukumo ndi a Chingerezi, koma njirayo imaoneka bwino ngakhale m'zitsanzo zathu. Tikapatsidwa khasu ndi mlimi, kunena kuti khasu limapezeka kwa mlimi n'kosakwanira, pakuti mbewu, munda ndi nkhokwe zimapezekanso kwa mlimi yemweyo. Chiganizo chogwira mtima n'chakuti khasu ndi chida chimene mlimi amagwirira ntchito yake. Tikatero, yankho lakuti ukonde ndi msodzi limalowa bwinobwino, pamene lakuti nsomba ndi msodzi limagwa, ngakhale limakopa maso. Palinso msampha wina umene umakola anthu ambiri ofulumira: yankho lakuti mlenje ndi uta lili ndi chida komanso mwini wake, koma mawuwo atembenuzidwa, munthu wayamba ndipo chida chatsatira. Okonza mayeso amaika dala mayankho otere, ndipo munthu akazolowera kuwerenga chiganizo chake m'dongosolo lomwelo pa yankho lililonse, amayamba kuwazindikira msanga.

Patapita miyezi ndinaonanso kuti maubale amene amafunsidwa ndi ochepa ndipo amangobwerezedwa: gawo ndi chinthu chathunthu, choyambitsa ndi zotsatira zake, chinthu ndi malo osungiramo, komanso kusiyana kwa mphamvu, monga kufunda ndi kutentha. Bukuli limafotokoza zimenezi momveka, ndipo pamenepa ndilibe nalo dandaulo.

Mndandanda wautali wa mawu ovuta umene uli kumapeto sunandipindulire kwenikweni. Mawu oloweza pamtima popanda chiganizo amauluka pakangopita masabata ochepa, pamene amene ndinakumana nawo powerenga nyuzipepala, n'kuwafufuza m'dikishonale, ndikuwakumbukirabe mpaka lero. Mafunso ena amafunanso kuti munthu adziwe zinthu za ku America monga masewera a baseball kapena zovala za m'chipale chofewa, ndipo amenewo ndimangowadumpha, chifukwa sayesa luso loganiza koma kumene munthu anakulira.

Vuto lalikulu limadza pobwereza. Ukawerenga mafunso omwewo kachiwiri, umakumbukira chilembo cha yankho m'malo mwa chifukwa chake, ndipo malikisi amakwera mokunamiza. Ine ndi anzanga ena ophunzira pa University of Malawi ku Chirunga tinayamba kulemberana mafunso atsopano, aliyense n'kuikamo misampha yake, ndipo timayankha wotchi ili patebulo, theka la mphindi pa funso lililonse. Kupeka yankho labodza koma lokopa kwandiphunzitsa zambiri kuposa kuyankha mafunso a m'bukumo, amene sanena zokwanira pa nkhani ya kusunga nthawi.

Mapepala a bukuli ndi osalimba, ndipo chinyezi cha kuno m'nyengo ya dzinja chawafufumitsa mpaka chikuto chinayamba kusomphoka, moti ndinachimata ndi selotepi. Mwini wake woyamba anachonga mayankho ndi bolopeni, ena molakwika, choncho ndimaphimba m'mphepete mwa tsamba ndi kapepala ndisanayambe kuyankha. Amene akugula lakale chonchi atsegule masamba akumapeto ali pamsika pomwepo, aone ngati mayankho ndi mafotokozedwe ake alimo onse, pakuti m'buku langa masamba a mayankho a mayeso omaliza anathothoka ndisanaligule.