Mbaula, njerwa kapena dilamu: muyambe ndi chiti powotcha nyama pakhomo?

Nyama yowotcha imakoma kapena kuwonongeka pa zinthu ziwiri: yatalikirana bwanji ndi moto, ndiponso mpweya ukulowa wochuluka bwanji pa makala. Mchere ndi kambuzi zimabwera pambuyo. Choncho amene muli kuno ku Kasungu ndipo mukufuna kuyamba kuwotcha ndi kuwamba nyama kuseri kwa nyumba, yezani chowotchera chilichonse pa mfundo ziwirizi musanatulutse ndalama.

Mbaula ili kale m'makomo ambiri, ndipo pa ntchito yake ilibe mlandu. Ikani waya pamwamba, tinthuli ta mbuzi, chiwindi kapena nsomba yong'amba pakati zipsa mphindi 20 zisanakwane. Yomata dothi mkati imasunga moto kuposa yachitsulo chokhachokha. Vuto lake n'lakuti nyama imakhala pamoto penipeni, ilibe kothawira. Mafuta a nkhumba akangodonthera pa khala, lawi limabuka, kunja kumada bii mkati muli magazi. Za kuwamba pa mbaula iwalani.

Njerwa ndiye zotchipa kuposa zonse. Mumasanja njerwa zowotcha mbali zitatu, kumata ndi dothi chifukwa simenti imang'aluka ndi moto, n'kusiya timipata tolowetsa waya m'munsi ndi m'mwamba kuti muzikweza nyama moto ukakula. Pa chinkhoswe kapena pa Khirisimasi, mbuzi yonse imakwana. Mukamanga chachitali n'kuvindikira, mwapeza ng'anjo ngati imene asodzi amawambira nsomba kunyanja. Ng'anjo yotchuka ya mtunduwu, ya Chorkor, inachokera ku Ghana, ndipo amasanjikiza mathireyi a waya pamwamba pa moto umodzi. Pofutsa nyama yoti ikhale masiku, makamaka magetsi akamathimathima, njerwa sizipikisika. Koma sizisamuka. Amene muli pa lendi mudzazisiya pomwepo, ndipo mukaloza khomo la chowotcheracho kumene mphepo ya mu Juni ndi Julayi imachokera, makala azitha nyama isanapse.

Ine mtima wanga uli pa dilamu ya malita 200 yodula m'litali, theka lina n'kukhala chivindikiro cha mahinjesi. Chifukwa chake n'chimodzi: imakupatsani malo awiri. Makala mumawaunjika mbali imodzi, nyama mbali inayo kopanda moto pansi. Mukatseka, kutentha ndi utsi zimayenda kudutsa pa nyama n'kutulukira ku chumuni. Mukafuna kanyenya wamsanga, mumangosunthira nyamayo pamwamba pa makala. Nthiti za nkhumba pa madigiri a Celsius 105 mpaka 120 zimafuna maola 4 kapena 5, mwendo wa mbuzi kuposera apo, ndipo mudzaona mnofu utabwerera m'mbuyo, nsonga za mafupa zili pamtunda, mukapotoza fupa likusololoka lokha. Mitsempha imene imatopetsa nsagwada pa mbaula, apa imasungunuka pang'onopang'ono. Mbuzi ilibe mafuta ambiri, ndiye ikani kachitini ka madzi pafupi ndi makala ndipo muziipaka mafuta ophikira osakaniza ndi mandimu.

Dilamu yabwino imapangidwa ndi zimene mwauza owotcherera. Auzeni aboole polowera mpweya m'munsi, mbali ya makala, aikepo kachitseko kotsetsereka. Chumuni chikhale mbali ya nyama, osati pakati. Makala akhale pa chitsulo chawochawo chokwera pang'ono kuti phulusa lizigwa pansi, apo ayi moto uzizima ndipo dilamu ibooka msanga. Funsaninso kuti munali chiyani. Imene munali mankhwala a m'munda kapena ena osadziwika ikaneni ngakhale atakutsitsirani mtengo. Ngakhale yabwinoyo, iyatseni moto waukulu yopanda kanthu mpaka utoto wonse upserere, kenako muikweche. Waya wonyezimira wokutidwa ndi zinki, ngati wa mpanda, si woikapo chakudya pamoto.

Dilamu zofooka zake ilinazo. Chitsulo n'chopyapyala, motero kukazizira imataya kutentha ndipo imadya makala kuposa mbaula. Ikagona pamvula dzinja lonse, dzimbiri limaimaliza. Zowotchera za gasi zimene zimagulitsidwa ku Lilongwe zilibe mavutowa, koma n'zodula ndipo fungo la utsi mulibe.

Nkhani ya makala ndisaibise, chifukwa imandikhudza. Mitengo yachilengedwe kuno inatha kwambiri ndi ntchito ya fodya, ndipo yotsala ku Kasungu National Park si yoti ithere mu dilamu yathu. Lamulo la nkhalango limene linakonzedwanso mu 2020 linakhwimitsa zilango pa makala opanda chilolezo. Funani a chilolezo kapena mabriketi, makala ochita kuumba kuchokera ku zinthu monga utuchi ndi zotsalira za m'munda. Pa utsi simufunika chipika chonse: tizidutswa tiwiri kapena titatu touma ta mango kapena gwafa, todulira pa nthambi za pakhomo, tikwanira. Zitsononkho zouma nazonso zimapereka utsi wabwino. Paini ndi bulugamu zimawawitsa nyama, matabwa opaka utoto ali ndi poizoni, ndipo nkhadze musaiyandikitse n'komwe, utomoni wake ndi woopsa. Utsi woyenera ndi wochepa, wooneka mwa apo ndi apo. Ukamatuluka woyera wochindikala, tsegulani mpweya ndipo dikirani musanaike nyama.

Ngati ndalama ilipo yotsala, gulani kachipangizo kobaya mu nyama koyezera kutentha. Nkhuku ifike madigiri 74 pakati pa ntchafu. Nkhumba ya kumudzi ndimalangiza isachepere 71, ndipo mukaona timatuza toyera ngati mpunga mu mnofu, imeneyo si yodya.

Tsiku loyamba musayambe ndi mwendo wa mbuzi. Tengani nkhuku imodzi, ing'ambeni kumsana kuti igone chafulati, ithireni mchere usiku wake n'kuisunga pozizira. Iikeni mbali yopanda makala, ntchafu zitaloza kumoto, mutseke kwa ola limodzi osasuzumira, kenako muiwaule khungu pamwamba pa makala mphindi zochepa.